Kakhadi ka Chikatolika

Leeds, Mangalande
14 Febuluwale 1999

Okondedwa Atate ndi Amai,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo ku Nkomeshya. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira koopsa ndipo odwala m'chipatala chathu sakutha.

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndalira poiwerenga. Mwati adokotala a ku Lusaka apeza kuti khutu lakumanzere la Amai lafa kale, lakumanja nalo likutsekeka pang'onopang'ono, mankhwala palibe. Amai, chindiperekezereni ku bwalo la ndege mu 1993 simunamvenso mawu anga. Sindifuna kuti khutu lotsalalo litsekeke ndisanalankhulemo. Kubwera kumudzi chaka chino sindingathe, tikiti ya ndege yakwera ngati ndikugula ndege yeniyeniyo.

Tsono ndaganiza zinthu ziwiri. Choyamba, mu Juni akhristu a parishi yathu kuno akupita ku Sipeini kukayenda ulendo wapansi mpaka ku manda a Yakobo Woyera, ku mzinda wa Santiyago. Ndi ulendo wa mwezi wathunthu, chikwama kumsana. Ndalembetsa, ndipo ndikayendera makutu a Amai.

Chachiwiri, ndagula foni yam'manja. Mkati mwake mumalowa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, amati simukhadi, ndipo ndi kamene kamapatsa foni nambala ndi mawu. Kamene ndili nako ndi ka kuno ku Mangalande. Kamagwira ngakhale ku Sipeini, ndipo sikatha pakati pa nkhani, bilu imabwera kumapeto kwa mwezi. Kuli kenanso kogula komweko ku Sipeini, kolipiriratu, kotsika mtengo koma kamatha msanga. Ine ndipita ndi ka kunoko.

Ndamva kuti mlongo wanga Fidelis akuyenda ndi foni yam'manja ku Lusaka. Mufunseni ngati ingagwire kumudzi. Ikakana, Amai akwere basi apite ku ofesi kwake, ndikawapeze pa foni yawaya ngakhale mwezi uno. Mvula ikugwa bwanji? Ndiuzeni za chimanga.

Ndine mwana wanu,
Clarissa

*

Chalimbana
9 Malichi 1999

Ba sisi,

Muli shani ku Mangalande? Ine nili chabe bwino, mlamu wanu na ana onse bali bwino. Nyumba pa puloti yafika pa mawindo, yasala chabe malata.

Ba Tate banionetsa kalata yanu, ndipo naseka maningi. Imwe ba sisi, mukhala ku Ulaya koma za mafoni mukali kumbuyo! Foni yawaya? Mufuna ba Mai bakwele basi kukakhala pa benchi ya ku unduna monga munthu wofuna penshoni? Awe. Ise manje tili pa selula.

Zoona nili nayo foni. Kukamba chilungamo ni ya ba Dailekita bathu, koma amene amainyamula ni ine, amene amaichaja ni ine, ndipo ikalila mu kolido anthu amayang'ana ine. Mwayi wake ni uyu: mu Juni ba Dailekita bayenda ku wekishopu ku Swaziland mwezi wonse, ndipo foni izasala m'manja mwanga mpaka babwele. Kunja kwa dziko siituma, banaitseka, ndiye muzituma ndimwe. Nambala nailemba pansi pa kalata.

Pa Sabata ba Dailekita banali ku ukwati, ine nathamangila nayo ku Nkomeshya kukayesa netiweki. Pakhomo pa ba Tate palibe. Ku tchalitchi palibe. Ku dibi ya ng'ombe palibe. Nazunguluka mudzi wonse dzanja m'mwamba, ana kumbuyo kwanga monga nagwila mbalame. Pothela nakwela chulu chija chachikulu cha m'munda mwa amalume ba Bornwell, ndipo pamwamba penipeni, ukayang'ana ku Lusaka na kupendeka mutu pang'ono, kamzele kamodzi ka netiweki kabwela pa foni. Amalume bavula chisote.

Manje za kakhadi, mvelani ine amene nidziwa. Ka bilu ni ka anthu akale. Anthu a bizinesi onse mu Cairo Road bali pa kolipililatu, ugula mayunitsi, ukamba, wasiliza, palibe munthu wokulondola na envulopu. Ndiponso kakhadi ka ku Mangalande kakafika ku Sipeini kazakhala kalendo, mawu azayamba kubwelela ku London kukapempha chilolezo, ndiye abwele kuno atatopa. Ka ku Sipeini kadziwa njila zachidule. Izi nauzako ba Tate, ndipo bati nkhani yaikulu chonchi siingathe popanda banja kukhala pansi.

Mukapeza kathumba kachikopa kovalila foni pa lamba, munitumileko. Kakuda.

Mlongo wanu,
Fidelis

*

Nkomeshya
4 Epulo 1999, tsiku la Pasaka

Mwana wanga Clarissa,

Ambuye auka, aleluya. Moni wochokera kwa ine atate ako, amai ako, ndi onse a pamudzi. Chimanga chacha bwino, koma ng'ombe imodzi yathyoka mwendo.

Titatuluka m'tchalitchi lero tinakhala pansi pa nkhani ya kakhadi. Analipo ine, amalume ako a Bornwell, a katekisiti a Tenson, ndi Fidelis amene anatifotokozera zonse pojambula pansi ndi kamtengo. Amai ako analipo koma sanamve zambiri, tinawauza pambuyo pake.

A katekisiti anafunsa funso limene iwe ndi maphunziro ako onse sunaliganize. Kodi dziko la Mangalande si lija linakana Papa? Nanga iwe upita bwanji ku manda a mtumwi ndi kakhadi ka Anglikani m'thumba, n'kumayembekeza kuti pemphero la makutu limveka? Sipeini ndi dziko la Chikatolika kuyambira kale, ndipo kakhadi kake kakulira pakati pa matchalitchi. Amalume ako anaonjeza kuti mlendo waulemu sanyamula ndiwo zake popita kwa eni mudzi, amadya zimene wapeza. Tsono banja lagamula kuti kakhadi ka ku Mangalande ukasiye m'nyumba, ukagule ka ku Sipeini. Ndakulamula ine atate ako, ndipo sindiyembekeza kalata yotsutsa.

Za kukweza amai ako basi, iyayi. Ulendo wa kuchipatala uja anabwera atatupa miyendo, anagona sabata yonse. Ndiponso anthu a pano amva kale kuti mawu ako adzatsikira pa chulu cha amalume ako. Tikawatengera ku Lusaka mwakachetechete anthu adzati tabisa chiyani? Amalume ako ayamba kale kusema makwerero pa chulupo ndi khasu, ndipo aletsa mbuzi kukwerapo.

Udzatume Lamulungu lililonse la mwezi wa Juni dzuwa lili pamutu, mapemphero atatha. Tidzakhala tili pomwepo.

Amai ako masiku ano belu la kutchalitchi sakulimva, amaona anzawo akudutsa ndiye amatenga nsalu. Ukafuna kuti amve uyenera kuima kudzanja lamanja ndi kukweza mawu. Koma chimvereni za foni akuseka kawirikawiri, ndipo afunsa ngati mawu ako anasanduka achizungu.

A katekisiti apempha kolona yodalitsidwa ya komweko. Amalume ako akuti nsapato zimene udzayendere, ukamaliza usataye.

Ndine atate ako,
Lawson

*

Leeds
30 Epulo 1999

Atate,

Moni nonse. Pepani za ng'ombe.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditakhala pansi. Atate, kakhadi sikabatizidwa. Kalibe mpingo. Bambo mfumu amene akutitsogolera pa ulendowu nawonso ali ndi ka kuno komweku, ndipo nditawauza za msonkhano wanu anaseka mpaka kutsokomola. Koma mwati mwalamula, ndipo sindifuna kuyamba ulendo wa pemphero ndi mkangano ndi atate anga. Ndikasiya m'kabati, ndikagula ka Chikatolikako.

Tsono inunso mundimvere chinthu chimodzi, ndagwada. Kakhadi kolipiriratu, ukatuma ku Afrika, kamatha ngati madzi a m'ndowa yobooka. Sindidzakhala ndi nthawi yolonjerana ndi mudzi wonse. Foni ikangolira, Amai akhale oyamba. Aikireni ku khutu lakumanja. Amai akatha, otsala mulankhule mpaka kathe, sindidandaula.

Fidelis, ndikudziwa kuti uwerenga kalatayi. Kathumba kako ndatumiza. Uchaje foni Loweruka, ndipo usaisewerese.

Amai, mawu anga ndi omwe aja. Mudzawazindikira.

Clarissa

*

Panjira, ku Sipeini
15 Juni 1999

Fidelis,

Ndikulemba nditaviika mapazi m'beseni. Ali ndi matuza mpaka pakati pa zala, ndipo chikwama chandisupula mapewa. Timadzuka m'mamawa, timayenda m'minda ya tirigu yosaoneka malire, timagona m'nyumba za alendo anthu ambirimbiri chipinda chimodzi, ena akuliza mkonono ngati thirakitala. Sindidandaula, ndinadzifunira. Pokwera phiri lililonse ndimatchula dzina la Amai.

Chimene ndikudandaula ndi iwe. Lamulungu loyamba ndinatuma dzuwa lili pamutu, foni yako yotseka. Lachiwiri, yotsekanso. Ndipo ukudziwa kuti ikakhala yotseka amandiyankha mkazi wa m'makina, wachizungu chosalala, kuti ndisiye uthenga? Mkazi ameneyo amadya mayunitsi anga. Ndamudyetsa kale kanayi, ndipo Amai sanamve ngakhale moni.

Kakhadi kanu koyera kali ndi khalidwe lakenso. Mayunitsi ake amagulitsa m'matauni mokha, ife tikuyenda m'timidzi ta nyumba khumi ndi tchalitchi. Tsono popeza ndi dziko la Chikatolika, monga ananenera a katekisiti, Lamulungu sitolo iliyonse ndi yotseka. Kakandithera tsiku limenelo ndiye kuti kathera pomwepo. Uwauze a Tenson kuti apa analosera bwino.

Lamulungu likudzali tidzakhala m'mapiri, akuti kulibe netiweki. Latsala ndi lomaliza, pa 27. Ndidzadzaza kakhadi mmene ndingathere. Bwana wako abwera mawa lake, ndiye palibenso lina. Fidelis, ndakupempha, Amai akhale oyamba.

Mlongo wako,
Clarissa

*

Chalimbana
29 Juni 1999

Ba sisi,

Muli shani? Nikhulupilila mwafika bwino kwa Yakobo Woyela. Kalata yanu ya mapazi nailandila lelo, ndipo mwanikalipila maningi, koma mvelani mbali yanga.

Sondo yoyamba batile inatha, zoona, koma sininali kusewela. Anthu banabwela kuchokela mpaka ku Kasisi, ndipo aliyense anafuna kumvelako tunyimbo twa mu foni. Munthu wamkulu akakupempha ungakane bwanji? Sondo yachiwili ninaichaja bwino, koma amalume banati chulu ni chawo ndipo foni iyenela kugona m'nyumba mwawo Chibelu usiku, Sondo isanafike, kuti izolowele malo. Banaiyatsa kuti baziona kuwala kwake. M'mawa inali yakufa. Sondo yachitatu tinakhala pa chulu mpaka madzulo, siinalile, manje naona mu kalata yanu kuti munali m'mapili.

Manje ya pa 27 mwaiona mweka kuti inagwila. Ba sisi, inali siku! Anthu banadzaza munda wa amalume, azimai bogulitsa vitumbuwa, kwaya yavala yunifomu. Ine pamwamba pa chulu na kathumba kanga pa lamba, ba Tate na amalume na ba katekisiti pambali panga mu majekete. Ba Mai banavala chitenge chao cha Anna Woyela, banakhala pa mphasa pansi pa chulu pamodzi na azimai anzao, pakuti pamwamba panali pa amuna ndipo maondo ao sangaime nthawi yaitali. Tinapangana kuti ikalila tizabaitana.

Yalila! Anthu bakuwa, ena bathawa. Ine nayankha, ndipo munamvela mweka kuti sininakambe zambili, ninangofunsa ngati kakhadi kagwila bwino na mtengo wake. Apo ba katekisiti batambasula dzanja, bati chinthu chachilendo sichiyamba popanda pemphelo. Ba sisi, munafuna nilimbane na munthu wa Mulungu pamaso pa mpingo? Banapemphela mu foni mwamene, ndipo ninakumvelani mukuti amen katatu pemphelo likali pakati.

Kuchoka apo ba Tate batenga. Ninabanong'oneza za ba Mai, baniyang'ana na diso lija, bati kuyambila liti mlendo alonjela mkazi mwini mudzi ali chiimile? Banakulonjelani bwinobwino, ndiye bayamba kukuuzani malilo onse amene anachitika chichokeleni imwe, mmodzimmodzi, kuti mupepese monga mwa mwambo. Mawu anu anali kumveka mpaka pamene ninaima, mukuti apatseni Amai, apatseni Amai. Ba Tate banati mwana uyu Ulaya wamuonongela ulemu, bapitiliza. Pamene banafika pa malilo a ba Ezron, amalume banagwila kale foni mbali imodzi, bati mwini chulu sangadumphidwe. Iwo banafunsa chabe za nsapato, saizi yake.

Ndiye taitana ba Mai. Banaimilila, bakonza chitenge, bayamba kukwela makwelelo aja pang'onopang'ono, azimai awili babagwila m'mbali, kwaya yayamba nyimbo. Bali pakati pa chulu, ine nayang'ana pa foni, naona yabwelela poonetsa nthawi chabe. Munali mutaduka.

Ba sisi, anthu onse aja banali kuyang'ana. Ba Mai banafika pamwamba bakupuma movutika, bakuseka, batambasula manja onse awili. Ninayang'ana ba Tate, ba Tate bayang'ana ku Lusaka. Ninabaikila ku khutu lakumanja. Banakamba nthawi yaitali, ndipo anthu banaomba m'manja.

Tinayembekeza mpaka dzuwa kulowa kuti kapena muzatumanso. Ba Dailekita banabwela dzulo, batenga foni yao, bafunsa chifukwa chake ili na dothi lofiila.

Manje banja lagamula kuti ba Mai basauzidwe kuti foni inali itaduka, chingabapweteke mtima ndipo chingachotse ulemu wa ba Tate pamudzi. Imwe mukalemba mukambe kuti munabamvela. Ndipo nikuuzeni, vuto linali kakhadi. Mukanafunsa bwino mu sitolo, kuli tumakhadi twina tokhalitsa.

Kathumba kanikwana bwino, koma manje mulibe kanthu. Mukasiliza nayo foni yanu, munikumbukile.

Mlongo wanu,
Fidelis

*

Nkomeshya
4 Julaye 1999

Mwana wanga Clarissa,

Ndine amai ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, dzanja linazolowera khasu. Uli bwanji? Mapazi apola? Uziwaviika m'madzi ofunda a mchere, ndipo nsapato zimenezo usawapatse amalume ako, ali nazo zawo.

Ndafuna ndikuuze ndekha usanamve kwa ena. Khutu lija latseka. Tsiku la foni ndinakwera chulu, Fidelis anandiikira bwinobwino kudzanja lamanja, ndinakanikiza ndithu mpaka khutu kuwawa. Sindinamve kanthu, mwana wanga. Ngakhale kakuphwanyaphwanya. Ndinachita manyazi kunena pamaso pa anthu onse aja, iwe utayenda mtunda wonsewo chifukwa cha ine, ndiye ndinangoyamba kulankhula. Ndinakuuza za nsawa zimene ndakusungira, za nkhuku yanga imene yaswa anapiye, ndi kuti ndimakulota uli wamng'ono. Kaya unandiyankha chiyani. Ngati unandifunsa kanthu ine n'kuyankha zina, undikhululukire, sindinachite dala.

Chodabwitsa n'chakuti m'mawa mwake mbuzi inalira pafupi ndi ine ndipo ndinaimva pang'ono. Ndaganiza kuti mwina zapafupi zikali kulowa, koma mawu ochokera kutali chotero khutu langa silingawakwanitsenso. Atate ako nditawauza zimenezi anatuluka panja. Masiku ano akundichitira ulemu wachilendo, dzulo ananditungira madzi okha, anthu akuona. Ndiye ndadziwa kuti nawonso aona kuti matenda akula.

Usakhumudwe ndi Yakobo Woyera, ndipo usaleke kupemphera. Anthu ambiri amamupempha, mwina sanafike pa dzina langa. Koma usatayenso ndalama ndi mafoni chifukwa cha ine, zanga zatha. Ndinamva chisoni usiku wonse, sindikubisa, chifukwa ndinafunitsitsa kudziwa ngati ukali kuseka monga unkasekera. Tsopano mtima wakhala pansi. Onse amene analankhula nawe akuti mawu ako ali bwino, akuti unali kukuwa ndithu, ndiye ndadziwa kuti uli ndi mphamvu ndipo ukudya.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Zimene unandiuza tsiku lija pa foni, undilembere zonse mmene unazinenera, kuyambira pa moni, usasiyeko ngakhale liwu limodzi. Maso akali kuona, ndidzawerenga ndekha.

Amai ako,
Nelesi